Sitima inali ikadali padoko, koma achimwene anatsala

Pa tikiti panalembedwa nthawi zitatu: 11:00, 14:00 ndi 16:00. Achimwene anasunga yomalizayo. Amayi sanasunge iliyonse, poti iwo ali ndi wotchi yawoyawo m'mutu. Ine ndinawerenga zonse zitatu, koma zimene ndinachita nazo ndinena kutsogoloku.

Unali ulendo wa amayi. Anakwanitsa zaka 70 mu Febuluwale wa 2023, ndipo ife ana awo amene tili kuno ku Joni tinasonkha chaka chathunthu kuti tiwakweze imodzi mwa sitima zikuluzikulu zimene zimanyamuka ku Durban m'nyengo yotentha, n'kukazungulira kugombe la Mozambique masiku ochepa. Mpaka lero nkhaniyi ikangobuka pa gulu lathu la WhatsApp, wina amayamba wazimitsa foni.

Lamulo la kunyanja

Amayi anabadwira ku Likoma, anakwatiwa ku Nkhotakota. Sitima imene amaidziwa ndi Ilala, ndipo amaitchula ngati wachibale. Amati ndi mkulu wawo, ndipo sanama: inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, anailumikiza ku Monkey Bay, n'kuyamba kuyenda mu 1951. Iwo anabadwa patapita zaka ziwiri.

Amene munakulira kunyanja mukudziwa momwe timaidikirira. Umapita kugombe ndi mkeka, chinangwa chophika ndi nsalu yofunda. Mwera ukavuta, kapena matumba a chimanga ndi malata zikachuluka padoko la m'mbuyo, umagona pamchenga pomwepo, ndipo palibe amene amaona ngati walakwiridwa. Nyanja ndi momwe ilili. Amayi anatilera ndi mawu amodzi: munthu ndiye amadikira sitima.

Koma lamulo limeneli lili ndi mbali yachiwiri imene sitinkaitchula, chifukwa aliyense ankaidziwa. Ku Nkhotakota sitima imaima patali, madzi a kugombe ndi osaya, anthu amapita ndi maboti. Ndiye ukachedwa, bola ukuiona. Umathamanga, umakuwa, umapeza mnyamata wa bwato, umamupatsa kangachepe, amakupalasira mpaka pambali pa sitima. Ndinaonapo bambo wina akukwezedwa pamodzi ndi mbuzi yake nangula atayamba kale kukokedwa. Kwathu, ukamaiona ndiye kuti sinakusiye.

Amayi anatenga mbali yoyamba ya lamulo. Achimwene anatenga yachiwiri. Ku Durban zonse ziwiri zinatipweteka tsiku limodzi.

Hafu pasiti 5 pageti

Ine ndi amayi tinafika ku Durban Lachinayi madzulo pa basi, tinagona pa kanyumba ka alendo kufupi ndi South Beach. Cha m'ma 4 koloko usiku ndinamva akundigwedeza phazi.

"Iwe, dzuka. Sitima si mbale wako."

"Amayi, atilembera 11 koloko."

"Alemba ndi anthu. Sitima ikafika msanga ukawafunsa olembawo?"

Ndi amayi anga simupambana mlandu m'bandakucha. Pofika hafu pasiti 5 tinali titaima kunja kwa geti ku Point, kumapeto kwa msewu wa Mahatma Gandhi, chapafupi ndi uShaka. Nyumba yokwererapo inali yatsopano, itangoyamba kugwira ntchito kumapeto kwa 2021. Kale anthu ankakwerera m'chishedi chakale m'kati mwa doko. Mlonda anatiyang'ana, anayang'ana masutikesi, anayang'ananso wotchi yake, ndipo anatimvera chisoni osanena kanthu.

Chimodzi chokha chimene kulawirako kunatipatsa ndi ichi: tinaiona sitima ikulowa. Kunali kusanayere bwino. Inatulukira pang'onopang'ono pakati pa chitunda cha Bluff ndi Point, magetsi ali ngwee nsanjika pamwamba pa nsanjika, yopanda phokoso ngakhale pang'ono. Amayi anakhala chete nthawi yaitali, kenako anandigwira mkono.

"Kodi ndi sitima imeneyi, kapena anyamula Limbe yense n'kumuika pamadzi?"

Chimene ine sindinkachidziwa n'chakuti sitima imeneyo sinabwere kudzatitenga ife poyamba. Inabwera yodzaza ndi anthu a ulendo wapitawo, zikwi ndithu, ndipo onsewo anayenera kudya kadzutsa, kutsika, kudutsa kwa a imigireshoni, kupeza katundu wawo. Pomwe iwo akutuluka, anyamata ndi atsikana a m'zipinda akuyalula mabedi onse, kukolopa, kuyalanso. Pansi apo mathiraki ali pamzere: ufa, nyama, masamba, mowa, madzi. Zinyalala zikutuluka, mafuta akulowa. Ndipo palibe mlendo watsopano amene amaponda m'kati mpaka wa ulendo wakale womaliza atatsika ndi kuwerengedwa. Tsiku limene ife timaliona ngati loyamba, kwa ogwira ntchito ndi lolemetsa kuposa onse, ndipo munthu amene wafika hafu pasiti 5 sakuthandiza aliyense. Wangowonjezera thupi limodzi pageti.

Tinakhala pamenepo maola asanu ndi theka. Kutentha kwa Durban mu Febuluwale si kwa ku Nsanje kumene kumawotcha mowonekera; kumeneku kumakunyowetsa, malaya n'kumamatira pamsana dzuwa lisanakwere n'komwe. Mapazi a amayi anayamba kutupa. Koma iwo anali pamtendere, atakhala pa sutikesi, akugawira mtedza wokazinga banja lina la ku Pietermaritzburg limene nalonso linalawira. Amene ndinkatukutira ndi mkwiyo ndinali ine.

Cha m'ma 9 onyamula katundu anayamba kulandira masutikesi. Kenako anayamba kuitana anthu potsata nthawi ya pa tikiti. Banja lina linatsika pa galimoto 10:15, lonunkhira sopo, ana atanyamula ayisikilimu, n'kulowa ife tikuyang'ana, chifukwa pepala lawo linati 10:30. Apa pokha ndi pomwe amayi anakhumudwa.

"Nanga ajawa, tawapeza kapena atipeza?"

Ndinawafotokozera kuti kuno mzere suli pageti, uli m'kompyuta, ndipo tinalowamo tsiku limene ndinalembetsa pa intaneti. Anapukusa mutu. Kwa munthu amene moyo wake wonse wakhala akuima pamzere wa chigayo, wa chipatala, wa feteleza, mzere wosaoneka ndi maso ndi chinyengo basi.

M'kati

Nthawi yathu itakwana zinayenda msanga modabwitsa. Mapasipoti, chithunzi, makina ounika zikwama, kenako kakhadi kamene ndi kiyi wa chipinda, ndi chikwama cha ndalama, ndiponso chiphaso chako cha m'sitima. Mphindi 40 zokha, tinali titakhala pansi mbale zili patsogolo.

Zipinda zinali zisanatsegulidwe, anati tidikire mpaka itadutsa 1 koloko. Masutikesi anatipeza madzulo dzuwa litapendeka. Mwayi wake mankhwala a BP a amayi ndinali nditawachotsa mu sutikesi n'kuwaika m'kachikwama ka m'manja, pamodzi ndi mapasipoti ndi chaja. Mayi wina patebulo loyandikana nafe anali atasiya insulini mu sutikesi, ndipo nkhope yake masana onse aja sindidzaiiwala.

Koma mtima wanga sunali pa chakudya. Unali pa foni.

Van Reenen

Achimwene ndi alamu sanabwere nafe Lachinayi. Achimwene amagwira ntchito ya mashifiti, ndipo anaweruka usiku. Mapulani awo anali omveka ukamawamva: kunyamuka ku Johannesburg 5 koloko m'mawa pa galimoto yawo, makilomita pafupifupi 570 pa N3, maola asanu ndi limodzi, kuwonjezera kuima kumwa tiyi ku Harrismith. "Ikamakwana 12 ndili pompo, mlongo. Sitima inyamuka 4. Ndigonerenji ku hotela ngati ndilibe nyumba?"

M'buti mwa galimoto imeneyo munali zovala zathu tonse. Tinasoketsa nsalu imodzi, yobiriwira ya maluwa achikasu, kwa telala wa kwathu ku Rosettenville: diresi la amayi ndi duku lake, madiresi athu awiri, malaya a achimwene. Zinali zoti tidzavale usiku wa phwando.

Uthenga woyamba unabwera 8:50. Chifunga pa Van Reenen, magalimoto aima. Amene mumayenda msewu umenewu mukudziwa malo ake, pomwe N3 imatsika mapiri kuchoka ku Free State kulowa KwaZulu-Natal, mathiraki ali ndondondo usana ndi usiku kupita ndi kuchokera kudoko lomwelo limene ife tinali. Thiraki ina inagona chopingasa. Wachiwiri unabwera 10:05: sitinasunthe. Wachitatu 11:20: tayamba kuyenda, musadandaule, nthawi ilipo.

Ndinawerengera pa zala. Kuchoka pamenepo kufika ku Durban ndi maola atatu ukayenda bwino, osawerengera mizere ya pa matologeti a Mooi River ndi Mariannhill. Apa m'pamene ndinatulutsa tikiti n'kuyang'ananso nambala yapakati ija. 14:00. Pansi pake timalemba ting'onoting'ono: kulembetsa kutsekedwa.

Ndinaimba. "Achimwene, geti atseka 2 koloko, osati 4."

Kunali zii kwa kanthawi. Kenako anaseka. "Aaa, amangolemba zimenezo kuti anthu afulumire. Ndikafika sitima ilipo, andikaniza bwanji? Ndalipira."

14:25

Ndinapita pa desiki ya alendo kawiri. Mtsikana wa pamenepo anali waulemu kwambiri, analemba maina, anaimba foni kunja, anandiuza kuti akafika isanakwane 2 adzawathamangitsa okha pamzere. Kupitirira apo sanalonjeze kanthu.

Anafika 14:25.

Ine ndi amayi tinali titakwera pamwamba, mbali yoyang'ana kumtunda, titagwira chitsulo cha m'mphepete. Pansi pathu zonse zinali zikuyendabe. Mlatho wokwerera unali pamalo pake. Zingwe zinali zomangidwa. Timagalimoto tonyamula katundu tinkalowetsa mabokosi a zipatso pa khomo la m'mbali. Munthu wina wa yunifolomu anatsika mlathowo akuyenda mwachifatse, akumwa madzi a m'botolo. Palibe chimene chinkaoneka ngati chatha.

Foni inalira. Achimwene ankapuma ngati athamanga.

"Mlongo, ndikuiona! Ili pompano, ndikhoza kuigenda ndi mwala. Mlatho sanachotse. Auze anditsegulire."

Ndinatsika ndi masitepe, sindinadikire lifiti. Pa khomo lotulukira panali bambo wachikulire wa yunifolomu yoyera ndi wailesi m'manja. Ndinamuuza zonse, za zaka 70, za chaka chosonkha, za thiraki, za nsalu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, sanandidule. Kenako anandiuza mofatsa kuti mndandanda wa okwera watsekedwa ndipo waperekedwa kale kwa a boma, a imigireshoni a m'nyumba ija atseka madesiki awo, ndipo sitima ikutuluka m'dziko. Munthu amene sanadindidwe sangakwere, ngakhale kaputeni atafuna. Anawonjezera kuti ndikafuna kutsika ndikhoza, koma sindibwereranso.

Ndinaimirira pamenepo, mamita mwina 200 kuchokera pomwe achimwene anaima. Ndikanatha kuyenda mtunda umenewo m'mphindi zitatu.

Nditabwerera pamwamba ndinapeza amayi pomwe ndinawasiya. Sindinafunike kunena. Anayang'ana pansi pamadzi, mbali iyi ndi iyo, ngati akufunafuna chinthu, kenako anandifunsa ndi mawu otsika:

"Palibe kabwato koti kangawabweretse?"

Sankaseka. Ankafunsa zenizeni. Ndipo ine amene ndinadzigwira m'mawa wonse ndinalira pamenepo, pakati pa anthu ovala makabudula osambira, nyimbo zikugunda kudziwe.

Anatenga foni m'manja mwanga. Ndinkayembekeza kuti awakalipira, poti chikalipiro cha amayi chimadziwika mpaka ku Dwangwa. Anangoti, "Bambo, mwadyako kanthu chichokereni? Pitani mukadye kaye. Muwagulire amayiwo chakumwa, atopa." Basi. Anabweza foni, anakonza duku.

Sitima inakhalabe pamenepo ola lina ndi theka.

Malipenga asanu ndi awiri

Ola ndi theka limenelo ndi limene achimwene sanalikhululukire mpaka pano. Amati, ngati inali ndi nthawi yoima, inalibe bwanji mphindi zisanu zotsegula chitseko? Ine ndinali m'kati, ndinaona chimene nthawiyo imagwira.

Itangodutsa 3 koloko nyimbo zinazima, mabala anatseka. Lipenga linalira kasanu ndi kawiri mwachidule, kenako kamodzi motalika. Aliyense, wokalamba ndi khanda lomwe, anayenera kupita pamalo ake osonkhanira pa ngozi, kakhadi kake n'kuwerengedwa ndi makina, n'kuonetsedwa kavalidwe ka jekete loyandamitsa. Amene sanabwere ankaitanidwa maina pa zokuzira mawu mpaka atapezeka. Kuti uwerenge anthu chonchi uyenera kudziwa kaye kuti m'sitima muli angati, ndipo nambalayo singamasinthe mphindi iliyonse.

Kale lamulo linkalola kuti zimenezi zichitike m'kati mwa maola 24 sitima itanyamuka. Pa 13 Januwale 2012 sitima ya Costa Concordia inagunda mwala pafupi ndi chilumba cha Giglio ku Italy, patangopita maola ochepa ichokere ku Civitavecchia, ndipo anthu mazanamazana amene anakwera tsiku lomwelo anali asanaphunzitsidwe kothawira. Anafa anthu 32. Kuyambira 2015 lamulo la padziko lonse limati aphunzitsidwe sitima isananyamuke kapena ikangonyamuka.

Achinyamata ena pafupi nafe ankanyinyirika kuti awadulira mowa. Amayi anamvetsera mawu aliwonse, anandiuza kuti ndiwamasulire, anayeseza kumanga lamba kawiri. Iwo anakula akumva kwa makolo awo za sitima ya Vipya, imene inamira pa nyanja yathu mu 1946 ndi anthu 145. Munthu wa ku Likoma sauzidwa kawiri za madzi.

Ndiye palinso doko lenilenilo. Durban ili ndi khomo limodzi lolowera ndi kutulukira, ndipo sitima za makontena zili pamzere kunja uko kudikira. Sitima yaikulu situluka yokha: amakwera woyendetsa wa padoko amene amadziwa ngalandeyo, timaboti tokoka timakhala tokonzeka, zonse pa nthawi imene anapangana. 16:00 ija ndi pangano la sitima ndi doko. Ife okwera sitili nawo m'panganolo. Yathu inali 14:00.

Pakamwa pa doko

Inanyamuka pa nthawi yake, osachedwa ndi mphindi imodzi. Zingwe zinagwera m'madzi, mpata unayamba kukula pakati pa chitsulo ndi simenti. Foni inaliranso: "Muime mbali ya kumanzere."

Pomwe sitima imatulukira, mbali ya Point, pali poyenda anthu mpaka m'mphepete mwa ngalande, ndipo ambiri amaima pamenepo kuonerera. Tinawaona patali chifukwa cha mtundu. Achimwene anali atavala malaya obiriwira aja pamwamba pa T-shirt, osamanga mabatani. Alamu anatambasula duku la amayi ndi manja awiri, mphepo ikuliwombawomba. Amayi anakweza dzanja, sanalitsitse mpaka Bluff itatsalira m'mbuyo ndipo anthu asanduka timadontho.

Kuwatsatira kunali kosatheka. Kumene tinkapita ndi ku Portuguese Island, kachilumba ka mchenga pafupi ndi Inhaca, pakamwa pa Maputo Bay. Kulibe doko, kulibe bwalo la ndege. Ndalama nazo sizinabwerere, zinalembedwa pa pepala lomwe lija kuti wosafika pa nthawi yake wataya zonse.

Chodabwitsa, pa chilumbacho m'pamene amayi anamasuka. Sitima inaponya nangula patali, anthu n'kumatsikira m'maboti ang'onoang'ono. "Eya, izi ndiye ndikuzidziwa," anatero, n'kulowa m'boti osagwira dzanja la mnyamata amene ankawathandiza. Boti lomaliza kubwerera linali la madzulo. Iwo anali pamzere 1 koloko masana.

Uthenga umene ndinaupeza

Kwa miyezi ingapo ndinkanena nkhaniyi ngati ya achimwene osamva. Ndinkaikometsera ndithu, anthu n'kumaseka. Safunsa anadya phula, ndinkatero.

Tsiku lina ndikufufuta zithunzi mu foni kuti ndipeze malo, ndinafika pa mauthenga a mwezi wa Novembala, pomwe ndinamaliza kulipira. Ndinawatumizira tikiti, masamba asanu ndi atatu a Chingerezi cha timalemba ting'onoting'ono. Pansi pake ndinalemba ndi dzanja langa: "Zatheka! Lachisanu, sitima inyamuka 4 koloko madzulo."

Ndi zokhazo zimene ndinalemba. Munthu wogwira mashifiti a usiku, amene amakhulupirira mlongo wake wophunzira, angatsegulirenji masamba asanu ndi atatu pomwe mlongoyo wamuuza kale nthawi? Nambala imene anasunga ndinawapatsa ndine. Ndinadziwa za 14:00, koma m'mutu mwanga nanenso inali nambala ya m'mapepala chabe, yofanana ndi "msonkhano uyamba 9 koloko". Mwana wa kunyanja ndinali ine ndemwe.

Ndinawaimbira usiku womwewo. Anangoti, "Ndinkadziwa, mlongo. Ndimadikira kuti uzione wekha."

Chichokereni pamenepo anzanga angapo a kutchalitchi andifunsapo za maulendo amenewa, ndipo nthawi yonyamukira sitima sindiitchulanso n'komwe. Ndimawauza yotsekera geti, ndipo pa imeneyonso ndimachotsapo ola. Ndimawauza kuti agone mumzinda wa doko usiku wake, kaya ndi pa mphasa kwa wachibale ku Umlazi, chifukwa chipinda cha usiku umodzi n'chotchipa kuposa tikiti yotayika. Wobwera pa ndege chimodzimodzi: bwalo la ndege la King Shaka lili makilomita oposa 30 kumpoto kwa mzinda, ndipo ndege ya m'mawa womwewo ikachedwa kapena sutikesi ikasochera, palibe wokudikira. Koma ndimawauzanso kuti asachite za ife za hafu pasiti 5. Kufika mphindi 20 kapena 30 nthawi ya pa tikiti isanakwane n'kokwanira. Ngati mwapatsidwa mwayi wosankha, ine ndimakonda cha m'ma 11: mukadya nkhomaliro m'kati, ndipo tayala likaphulika panjira muli ndi maola atatu m'thumba. Ena amakonda kufika cha m'ma 1, mizere itatha ndi zipinda zitatsegulidwa. N'zoona kumakhala kofewa, koma ine mtima umenewo ndilibenso.

Nsalu zija tinazivala pa Khirisimasi ku Nkhotakota, pansi pa mtengo wa mango, ndipo chithunzi chake n'chimene chili pakhoma kwa amayi. Tayambanso kusonkha, ulendo uno wa zaka 75. Achimwene anena kale kuti adzafika ku Durban Lachitatu. Amayi ndinawafotokozera bwinobwino za mzere wa m'kompyuta, za anthu otsika, za mathiraki a chakudya, ndipo anamvetsera mpaka kumapeto akugwedeza mutu.

"Ndamva," anatero. "Iwe udzabwere 11 yakoyo. Ine ukandipeza pageti."